Chithunzi Chopanda Fomu

Faifi koloko ya m'mawa inamupeza Nazingwe atagwada kale pambali pa bedi la amayi ake, beseni la madzi ofunda lili pafupi ndi mawondo ake. Anayamba ndi nkhope, monga masiku onse, kenako khosi, kenako dzanja lamanzere lomwe linasiya kugwira ntchito zaka zinayi zapitazo. Dzanja limeneli ankalitambasula chala chimodzichimodzi, n'kupukuta pakati pa zalazo mpaka paume, chifukwa pakatsala chinyezi pankatuluka tizilonda.

"Madziwa lero wachita nawo bwanji?" anafunsa amayi ake, maso ali chitsinzinire.

"Atentha?"

"Ayi, ali bwino. N'chifukwa chake ndikudabwa."

Sitiroko inawalanda mkono ndi mwendo, koma pakamwa sinafikepo.

Kusambitsa kukatha, pankabwera kunyamula. Nazingwe ankapisa manja m'khwapa mwawo, iwo n'kukoleka dzanja labwinolo m'khosi mwake, ndiye awiriwo n'kudzuka pamodzi. Kuchoka pabedi kufika pampando wa pawindo panali mapazi awiri okha, koma panalinso ulendo wakuchimbudzi, wobwerera, wamasana ndi wamadzulo. Ena anayesapo kuthandiza. Mchimwene wake atabwera kudzazonda ananyamula kamodzi, amayi n'kukuwa kuti akuwathyola ngati nkhuni, ndipo kuyambira pomwepo iye ankathandiza pafoni, Lamlungu lililonse, ndi malangizo. Mtsikana wantchito anakhala masiku atatu. Amayi anati manja a anthu ena amazizira, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa umenewo, ali pakati pa bedi ndi mpando, china chake chinalira kuti thwa kumsana kwa Nazingwe, pamwamba pang'ono pa chiuno. Ululu unamuzinga ngati lamba wamoto. Sanawagwetse. Anawafikitsa pampando, anawaikira pilo kumbali yofookayo, n'kuwafunditsa miyendo. Kenako anakaima kukhitchini atagwira sinki ndi manja onse awiri mpaka madzi a tiyi atawira. Hafu seveni inamupeza ali kuntchito.

Dzina lakelo analipeza kuntchito komweko. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anali wothandizira m'chipinda cha ekisireyi, pachipatala chomwe chinali ulendo wa mphindi khumi kuchokera kunyumba kwake. Odwala akamajambulidwa amavala magauni omanga kumbuyo ndi tizingwe, ndipo makina ochapira amadula tizingweto sabata ndi sabata. Gauni yopanda zingwe imasiya munthu wamkulu msana uli pamtunda pamaso pa ana. Panalibe amene analembedwa ntchito yosokerera. Nazingwe ankatenga magauni atatu kapena anayi m'chikwama Lachisanu, Lolemba n'kubwera nawo ali ndi zingwe zatsopano. Palibe anamutuma, palibenso anamuthokoza, koma dzina linamukakamira mpaka lenileni anthu analiiwala.

Ntchito yake inkayambira pakhomo. Ankaitana dzina, n'kulandira fomu yomwe dokotala walemba kuti ajambule pati ndiponso chifukwa chiyani. Kuseri kwa katani ankalankhula motsitsa mawu: "Mkanda muvule, amayi. Ndolo nazo. Pini muli naye penapake? Chitsulo chimawala pachithunzi, chimabisa zomwe adokotala akufuna kuona." Bolodi lomwe munthu amagunditsapo chifuwa limazizira ngati mwala wa mumtsinje, choncho ankayamba walikhula ndi kansalu kuti lifundeko. Kenako ankamuimika munthuyo bwinobwino: chifuwa pabolodi, chibwano m'mwamba, manja m'chiuno, mapewa kutsogolo. Akatero ankathawira kuseri kwa khoma komwe kunali wojambula, bambo wanthabwala yemwe onse ankamutcha a Dazi, ndipo iwo ankakuwa ngati akuitana basi: "Kokani mpweya! Gwirani pomwepo! Musagwedezeke!" Makina ankalira kamodzi. "Basi, pumani, tisakupezereni mlandu."

Mwana akakana kugona phee, Nazingwe ankavala epuloni yolemera ya mtovu n'kumugwira. Wodwala akabwera pabedi la matayala kuchokera kuwodi, pankafunika anthu anayi kuti amusamutsire patebulo. Nthawi zambiri pankapezeka awiri, iye ndi wodwazika wotopa kale. Thwelofu koloko, anzake akamatsegula zakudya zawo, iye ankathamangira kunyumba kukawanyamula amayi, buledi wake n'kudyera m'njira pobwerera.

M'chipindamo munali lamulo limodzi lomwe aliyense ankaphunzira tsiku loyamba: wojambula sanena zomwe waona. Chithunzi chimatuluka pakompyuta munthu asanamange n'komwe nsapato, ndipo iye amayang'ana nkhope zanu kuti awerengepo. "Mwaona chiyani, amayi?" Yankho linali limodzi, ndipo Nazingwe analinena kambirimbiri mpaka linasalala pakamwa: "Ife timangojambula. Adokotala owerenga zithunzi ayang'ana, alemba lipoti, lipita kwa dokotala amene wakutumani kuno. Ameneyo ndiye akuuzani." Malipotiwo ankawanyamula ndi iye yemwe, m'maenvulopu omata, Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku omwe adokotala owerengawo ankabwera.

Lamuloli ankaligwirizana nalo ndi mtima wonse. Anaonapo chibanthu choyera pamwamba pa phapo la mtsikana wina, onse m'chipindamo mitima ili m'mwamba, adokotala n'kudzapeza kuti inali mfundo ya tsitsi loluka lomwe linagwera paphewa. Komabe maso akaona zithunzi zaka zonsezo amaphunzira okha. Ankadziwa kuti mpweya umaoneka wakuda, fupa loyera, ndiponso kuti mafupa a msana wabwino amandandalikana ngati timabokosi tofanana.

Panatha milungu iwiri chilirireni msana uja a Dazi asanalankhule. Linali Lachinayi masana, kunja kukugwa mvula, pabenchi palibe munthu.

"Achemwali, masiku ano mukuyenda ngati mwameza ndodo ya mopu."

"Ndi ukalamba, achimwene."

"Ukalamba umabwera tsiku limodzi ngati mlendo? Dzulo cholembera chinagwa pansi, munachiyang'ana ngati chagwera m'chitsime. Kwerani patebulopo."

"Ndilibe fomu."

"Fomu ya chiyani? Ndinu mlendo pano? Mukakhale pamzere wa odwala kutsogolo kuja kuyambira m'mawa, amayi anu awanyamule ndani masana? Kwerani, ndi mphindi ziwiri."

Anavala gauni, anavula ndolo zake popanda womuuza, n'kugona chagada. Tebulo linali lozizira kuposa mmene ankaganizira. A Dazi anajambula chakutsogolo, kenako anamugoneka chammbali, mawondo opinda, manja kutsogolo, n'kujambulanso. Iwo anali ndi chizolowezi choliza likhweru podikira chithunzi. Likhwerulo linayamba, n'kuduka pakati.

Nazingwe anatsika pang'onopang'ono n'kukaima kumbuyo kwawo. Timabokosi tija tinalipo, tondondozana bwino, kupatula kamodzi. Kameneko kanali kophwatalala kutsogolo, ngati bokosi la machesi lomwe munthu waliponda mbali imodzi.

Msana wotero anauonapo. Unali wa mphunzitsi wina wa ulemu wake, yemwe khansa ya m'bere inamulowa m'mafupa. Ulendo woyamba anabwera akuyenda yekha, wachiwiri atagwiridwa mkono, wachitatu pabedi la matayala. Wachinayi kunalibe.

"Achimwene, mwaona chiyani?"

A Dazi sanatembenuke. Anakanda dazi lawo, maso ali pakompyuta.

"Ife timangojambula, achemwali."

Nazingwe anafuna kuseka koma kuseka kunakana. Anali asanadziwe kuti mawu amenewa amalemera chonchi ukakhala mbali inayo.

"Mawa ndi Lachisanu," anawonjezera a Dazi mofewa. "Ndiwaonetsa ndekha adokotala. Inu musavutike."

Koma madzulo a tsiku lomwelo apongozi awo a Dazi anamwalira kutali, ndipo m'mawa mwake pampando wawo panali wojambula wobwereka kuchokera kuchipatala china. Nazingwe anaganiza kuti a Dazi asiya kakalata kapena aimba foni. Masana anatenga maenvulopu m'thireyi momwe adokotala ankasiya malipoti, n'kuwerenga mayina onse ali chiimire m'khonde. Lake munalibe. Lachiwiri munalibenso.

Iye ankawadziwa maenvulopu ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa ana ake. Opanda vuto ankatuluka tsiku lomwelo. Ochedwa anali aja omwe adokotala awaika pambali kuti ayang'anenso, afunse mnzawo, kapena aimbire foni dokotala wa wodwalayo asanalembe. Lipoti likachedwa sabata yathunthu silinkabwera ndi nkhani yabwino kawirikawiri. Kufunsa ankaopa pawiri. Ankaopa yankho, ankaopanso kuwaika m'mavuto a Dazi omwe anamujambula mwachifundo popanda pepala.

Kunyumba sanauze munthu. Anachapa mabulangete onse, ngakhale omwe anali oyera, akufinya atakhala pampando. Analemba nthawi za mankhwala a amayi ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pepalalo kuseri kwa chitseko cha kabati: loyera m'mawa, theka lachikasu madzulo, osawapatsa asanadye. Pansi pake anawonjezera kuti chidendene chakumanzere chisagone pamatiresi. Atawerenganso anaona kuti zofunika kwambiri sizikulembeka. Ungalembe bwanji mmene munthu amafunira pilo wake? Kunyamula sanasiye. Ankangoluma mlomo, n'kudikira kuti mdima wa m'maso uchoke.

"Ukununkha mankhwala opaka ngati wosewera mpira," anatero amayi ake tsiku lina.

"Ndi a wodwala wina, anandikhudza."

"Wodwala ameneyo akukukhudza tsiku lililonse?"

Lamlungu mchimwene wake anaimba foni. Anati anamva kuti odwala otere amafunika kuwayendetsako pang'ono panja kuti aziwombedwa mphepo. Nazingwe anati wamva, ayesa.

Lachisanu lachiwiri m'mawa, thireyi itamukananso, anapanga tiyi wa adokotala owerenga monga ankachitira nthawi zonse, wopanda shuga, mkaka pang'ono. Nayonso sinali ntchito yake, koma inayamba kalekale ndipo panalibe tsiku loti isiyike. Adokotalawo anali mayi wachikulire wosalankhulalankhula, ndipo anthu ankawatcha a Magalasi chifukwa magalasi ena ankakhala pamphuno, ena pamutu. Chipinda chawo chinali chamdima dala, kuti maso aone bwino. Kunkawala makompyuta awiri okha. Ankatsegula chithunzi, kuwerenga fomu yake, kuyang'ana kuchokera m'mphepete kulowa m'kati mosadumpha, kuitanitsa chakale ngati chilipo kuti afananize, kenako n'kulemba ndi zala ziwiri.

Nazingwe anaika kapu patebulo koma sanatuluke.

"Pali china, amayi?"

"Ndimati ndifunse za lipoti langa, adokotala. Ngati ndi loipa, ingondiuzani kuti lapita kwa ndani."

A Magalasi anatsitsa magalasi apamutu n'kuwaika pamwamba pa enawo, kenako anazindikira n'kuwabweza.

"Lipoti lanu? Mwajambulidwa liti?"

"Lachinayi la sabata yatha. Msana."

Analemba dzina lake lenileni pakompyuta. Panalibe kanthu. Anayesa tsiku, anayesa chaka chobadwa. Panalibe.

"Anakutumani ndani?"

Nazingwe anayang'ana pansi.

"Ehe," anatero adokotala. "Mwalowera khomo lakumbuyo."

Anatsegula malo ena omwe ojambula amasungako zithunzi zoyesera makina m'mawa. Pakati pa zithunzi za chidutswa cha pulasitiki panali msana wa munthu, wopanda dzina, wopanda nambala.

"Ndi uwu?"

"Ndi womwewo."

"Kompyuta iyi silola dzina popanda nambala ya fomu, ndiye mnzanuyo anauponya muno. Ine ndimawerenga zomwe zili pamndandanda wanga. Muno sindilowamo. Ukanakhala mpaka chaka chamawa." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Masiku asanu ndi atatu mwakhala mukudikira kalata yomwe palibe akulemba. Mumagona?"

"Pang'ono."

"Inu amene mumauza anthu tsiku lililonse kuti asachoke opanda kudziwa kokatenga zotsatira."

"Musawakalipire a Dazi, adokotala. Ankandichitira chifundo."

"Ndiwakalipira pang'ono, chifundo chake ndi chimenechi. Tamverani. Fomu si pepala lovutitsira anthu. Imandiuza kuti munthuyu akumva kuwawa pati, kuyambira liti, anagwa kapena ayi, akuonda kapena ayi. Popanda zimenezo ndikungoyang'ana mafupa a munthu wosamudziwa. Ndiponso ndikalemba, ndilembera ndani? Akukhazikani pansi ndani? Pitani kutsogolo, akupimeni, akulembereni. Kujambulanso ayi, zithunzizi ndi zabwino, tingozipatsa nambala. Sindichoka lero ndisanalembe."

Nazingwe atafika pachitseko, adokotala anafunsa osatembenuka, maso ali pachithunzi chija:

"Kunyumba mumanyamula ndani?"

"Amayi anga."

"Zaka zingati?"

"Zinayi."

"Nokha?"

"Ndekha."

A Magalasi anangogwedeza mutu n'kukoka kapu yawo.

Kutsogolo, komwe odwala amayambira kuonana ndi dokotala, anatenga nambala n'kukhala pabenchi ngati wina aliyense, juzi atavala pamwamba pa yunifolomu. Benchi limenelo ankalidutsa kanayi patsiku koma anali asanakhalepo. Linalibe chotsamira. Bambo wina wachikulire pambali pake, ataona mmene akukhalira mowongoka, anamusunthira chikwama chake cha zovala kuti atsamirepo. Thwelofu koloko anapempha bamboyo kuti amusungire malo, anathamangira kunyumba, ananyamula amayi, n'kubwerera.

Dokotala wa kutsogoloko anali mayi wachitsikana, wa msinkhu woti n'kukhala mwana wake. Anamufunsa mafunso ambiri, anamugogoda msana fupa ndi fupa mpaka anapeza pomwe Nazingwe anadumpha, anamupima mabere ndi mphamvu ya miyendo, n'kulemba fomu. Itatsala pang'ono kukwana folo koloko, envulopu inafika m'thireyi. Nazingwe anaitenga pamodzi ndi ena asanu ndi awiri. Anayamba wapereka a kuwodi ya ana, kenako a kuwodi ya abambo. Yake anaipereka pomalizira kwa dokotala wachitsikana uja, ili chimatire.

Dokotalayo anatseka chitseko, anachotsa mpando wake kuseri kwa tebulo n'kudzakhala moyang'anana naye. Anawerenga lipoti lonse mwakachetechete kaye. Nazingwe anaona zimenezo ndipo anamukonda nazo.

"Amayi, ndiyambe ndi chomwe mukuopa, chifukwa ndachiona pankhope panu. Adokotala owerenga alemba kuti sakuona chizindikiro cha chotupa. M'mphepete mwa fupalo ndi mosalala, silinadyeke, ndipo ena onse ali bwino. Tiyezabe magazi kuti titsimikize, koma chithunzichi chikunena zina."

Nazingwe anasendeza mpando wake pafupi ndi tebulo.

"Chomwe chilipo ndi ichi." Dokotalayo anatembenuza kompyuta n'kuloza ndi cholembera. "Fupa ili lathyoka mophwatalala. Mafupa anu ayamba kuchepa mphamvu, monga zimachitikira amayi ambiri akasiya msambo, ndiye mwawasenzetsa katundu woposa msinkhu wawo. Lipola lokha. Tikupatsani mankhwala a ululu ndi olimbitsa mafupa. Koma kwa miyezi itatu musanyamule cholemera kuposa ketulo. Ndipo munthu, kaya kuno kaya kunyumba, musadzanyamulenso nokha."

"Miyezi itatu sizingatheke, adokotala."

"Pansi pa lipotili adokotala awonjezera mzere ndi dzanja lawo. Akuti ndikuuzeni kuti fupa loyandikana nalo likudikira nthawi yake. Likathyoka limenelo, onyamulidwa mukhala awiri m'nyumbamo."

Panjira yobwerera kwawo, chimwemwe chija chinatha asanafike pamphambano. Sakufa, zoona. Koma amayi anali pampando wa pawindo chikhalire kuyambira masana, ndipo dzuwa likamalowa ankafunika kupita kuchimbudzi, kenako pabedi.

Anawapeza akuyang'ana ana a sukulu akudutsa mumsewu. Anakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo, zomwe sankachita kawirikawiri kusanade. Anawafotokozera zonse, kuyambira tebulo lozizira mpaka mzere wa adokotala. Amayi anamvetsera osamudula, zomwenso sizinkachitika kawirikawiri.

"Ndinalimva," anatero pomaliza.

"Chiyani?"

"Fupalo. Khutu langa linali pachifuwa pako, ukuganiza kuti linalirira ndani? Ndinadikira kuti unene. Tsiku lililonse ndimati lero anena. Iwe n'kumandiuza za wodwala wokukhudza." Anapukuta mphuno ndi dzanja labwinolo. "Ndakhala ndikumwa madzi pang'ono kuti maulendo achepe. Sunaone?"

Nazingwe anali ataona kuti botolo silikutha, koma ankaganiza kuti ndi kuzizira kwa nyengo. Anagwira dzanja lofooka lija n'kuliika pamwendo pake.

"Nanga titani, amayi? Manja a anthu ena mumati amazizira."

"Amazizira kumene. Ndanama?" Anayang'ananso pawindo. "Koma uja wa khomo linalo, wolongolola uja, mikono ali nayo. Ndimamuona akamanyamula ndowa ziwiri ngati zopanda kanthu. Tsiku lonse zala zili m'tsitsi la anthu, mwina zake n'zofundako."

"Mumati mawu ake amakupwetekani mutu."

"Mutu upweteke. Msana uli nawo umodzi wokha." Anamukankha pang'ono ndi phazi labwinolo. "Koma umuuze, nkhani za mwamuna wake ndazimva kale zonse kudzera pakhomali. Abwere ndi zatsopano."

Mayi wa khomo linalo ankaluka tsitsi pakhonde pake, mothandizana ndi mng'ono wake. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala moyandikana, moni wa m'mawa ndi wa masana osaphonya, koma Nazingwe anali asanapemphepo ngakhale mchere. Anaima pachipata chawo kanthawi, akukonza kolala ya juzi yomwe inali yokonzeka kale. Pakhondepo panali kasitomala mmodzi, mutu utatsala mbali imodzi.

"Aa, aneba! Lero mwasochera?" anafuula mayiyo, chipeso chili pakamwa. "Lowani, mpando uwo. Kapena mwabwera kuti tikukonzeni? Mutu umenewo ndakhala ndikuusirira zaka, mumangoubisa m'duku ngati muli ndi mlandu."

"Ayi, aneba, sindikhala. Kukhala pansi ndi kudzukanso ndi ntchito masiku ano."

Mayiyo anachotsa chipeso pakamwa. Mng'ono wake naye anaimitsa zala.

"Mwatani?"

"Ndathyoka fupa la msana. Lipola, atero adokotala, koma andiletsa kunyamula." Mawu omwe anawakonza panjira anabalalika, ndipo anangonena mmene anabwerera. "Amayi ali pampando kuyambira masana. Mukamaliza mutuwo, mubwere awirinu mudzandinyamulireko. Pamafunika anthu awiri ndi nsalu yolimba, musavulale ngati ine, ndikuonetsani kagwiridwe kake. Si lero lokha, aneba, ndisakunamizeni. Ndi mawa, ndi mkuja, mwina mpaka miyezi itatu. Masiku omwe simungathe muzinena, ndiyang'ana kwina. Koma lero lokha, chonde, kusanade."